Mbiri ya Masankho a Nyumba ya Malamulo: Kucokera ku Wales Kufikira pa Kafue

Mphunzitsi amene afuna kuphunzitsa ana mbiri ya masankho amayamba wakomana ndi ziwerengero. Mabuku amati m'caka cakuti cipani cakuti cinatenga mipando yakuti, ndipo mwana amaloweza zimenezi monga momwe alowezera maina a mitsinje. Koma ciwerengero ca mipando pacokha cikhoza kusoceretsa. M'caka ca 1959 cipani ca United Federal Party cinatenga mipando 13 mwa mipando 22 yosankhidwa ya Nyumba ya Malamulo ya Northern Rhodesia. Patapita zaka zisanu zokha, otsala a cipani comweco anangopeza mipando 10 mwa mipando 75, nayonso inali ija imene lamulo linasungira Azungu. Mwana wanzeru adzafunsa kuti, Kodi anthu anasintha mitima msanga cotere? Yankho lace ndi lakuti mitima sinasinthe kwambiri. Cimene cinasintha ndi buku la maina a anthu ololedwa kuvota, limene lichedwa kaundula.

Cifukwa cace pali mafunso atatu oyenera kufunsa pa cisankho ciri conse ca m'mbiri. Loyamba: ndani analembedwa m'kaundula, ndipo ndani anatsala kunja? Laciwiri: kodi voti ya munthu uyu inali kulemera mofanana ndi ya mnzace? Lacitatu: kodi wovotayo anali womasuka, kapena anali kuopa wina?

Mmene zinakhalira ku Wales

Mwambo wosankha aphungu ndi mavoti unadza m'dziko lino ndi Angelezi, ndipo n'kwapafupi kuganiza kuti kwaoko unali wolongosoka kuyambira kale. Mbiri ya Wales isonyeza kuti sizinali tero ai. Wales ndi dziko lamapiri la kumadzulo kwa England, la anthu a cinenero caocao, ndipo aphungu ace amapita ku Nyumba ya Malamulo ya ku London. M'zaka za m'ma 1800 minda yambiri ya kumeneko inali m'manja mwa eni malo owerengeka, olankhula Cingelezi ndi opemphera mu mpingo wa Anglican. Alimi wamba anali kulima minda yobwereka ndi kulipira ndarama caka ndi caka, nalankhula cinenero ca makolo ao, napemphera m'nyumba zao za mapemphero za Methodist, Baptist ndi Congregational. M'Sande Sukulu za mipingo imeneyi ndimo ana ndi akulu omwe anaphunzira kuwerenga ndi kukambirana nkhani mwadongosolo.

Masiku amenewo kuvota kunali kwa poyera. Munthu anali kuima pamaso pa anthu ndi kuchula dzina la amene wamsankha, kapitao wa mwini munda alikumva. Pa cisankho ca 1859, m'cigawo ca Merioneth, alimi ena amene anakana kuvotera munthu wofunidwa ndi eni minda anacotsedwa pa minda yao. M'1867 lamulo linaonjeza anthu m'kaundula, makamaka anchito a m'matauni, kotero kuti m'tauni ya zitsulo ndi malasha ya Merthyr Tydfil ovota anaculuka pafupifupi kakhumi. Pa cisankho ca 1868 anthu atsopanowa anasankha Henry Richard, amene anali mbusa wa mpingo wa Congregational, ndipo m'zigawo zinanso mabanja amene anakhala pa mipando mibadwo ndi mibadwo anagonja. Eni minda ena anabwezera mwa kucotsanso alimi ku Cardiganshire ndi ku Carmarthenshire. Mipingo inasonkha ndarama zothandiza ocotsedwawo, Richard nakanena mlanduwo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo m'1872 kunakhazikitsidwa lamulo lakuti kuvota kuzikhala kwa m'cinsinsi.

Anchito a m'minda atalowa m'kaundula ndi lamulo la 1884, cipani ca Liberal cinatenga mipando 30 mwa mipando 34 ya Wales m'1885, ndipo m'1906 cipani ca Conservative, cimene eni minda ambiri anali kucikonda, sicinapezeko mpando ndi umodzi womwe. Pambuyo pace anchito a m'migodi anatembenukira ku cipani ca Labour, cimene cinakhala cacikulu m'Wales kuyambira 1922. Akazi a zaka 30 analoledwa kuvota m'1918, koma akazi onse anafanana ndi amuna m'1928, ndipo caka cotsatira Megan Lloyd George anakhala mkazi woyamba kuimira cigawo ca m'Wales. Cotero kwa eni mwambo omwe, ulendo wocoka pa lamulo loyamba lokonza masankho la 1832 kufikira 1928 unatenga zaka 96.

Kafue ndi Nyumba ya Malamulo yoyamba

Tauni ya Kafue inayamba ndi njanji. Ulalo wa sitima pa mtsinjewo unatha m'1906, ndipo alimi Acizungu anatenga minda m'mbali mwa njanji, nacita cionetsero cao ca zaulimi pa Kafue cisanasamukire ku Lusaka. M'1918 kunacitika zinthu ziwiri zimene panthawiyo sizinaoneke ngati zigwirizana. Kampani ya British South Africa, imene inali kulamulira dziko, inalola Azungu kusankha anzao asanu akupereka uphungu ku Boma. M'caka comweco Mbusa John Fell wa misyoni ya Primitive Methodist anatsegula pafupi ndi tauni sukulu ya Kafue Training Institute, yophunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi zaulimi ndi nchito za manja. Sukulu imeneyi ndiyo inadzakhala Kafue Boys Secondary School.

M'1924 Boma la Britain linalandira dziko m'manja mwa Kampani, nilikhazikitsa Nyumba ya Malamulo ku Livingstone, kumene kunali likulu kufikira 1935. Cisankho coyamba cinacitika m'1926, ca mipando isanu. Lamulo silinachule khungu la munthu, koma linati wovota akhale nzika ya Britain, wokhoza kulemba pepala lolembetsera m'Cingelezi, wolandira mapaundi 200 pa caka kapena wokhala m'nyumba ya mtengo wa mapaundi 250. Tsono eni dziko sanawerengedwe nzika za Britain. Lamulo linawacha anthu otetezedwa ndi Britain. Mau amenewa okha anatsekera kunja mtundu wonse, mfumu ndi mbusa ndi mphunzitsi omwe. Ndipo cikanakhala kuti como ici cinatseguka, malipiro a mphunzitsi wa m'mudzi sakanafika ndi pafupi pomwe pa mapaundi 200.

Anthu otsekeredwa kunja anafuna njira zina zolankhulira. M'matauni a m'mbali mwa njanji akalaliki, aphunzitsi ndi alaliki anayambitsa timabungwe toyang'anira ubwino wa anthu akuda. M'1933 nthumwi za timabungweti zinasonkhana pa Kafue, nizipangana kupanga bungwe limodzi la dziko lonse, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga. Boma linakana kulivomereza, niliti nkhani za anthu a m'midzi zipite kwa mafumu. Caka cotsatira, m'1934, mnyamata wina wa ku Maala m'boma la Namwala anatsiriza Standard VI pa Kafue Training Institute, nayamba nchito ya uphunzitsi. Dzina lace linali Harry Mwaanga Nkumbula.

Kulowa kwa anthu akuda m'Nyumba kunali kwa pang'onopang'ono, ndiponso kosadzera m'mavoti. M'1938 Bwanamkubwa anaika Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu kuti aziwalankhulira. M'1948 analowa anthu akuda awiri oyamba, Mbusa Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango, osankhidwa ndi bwalo la African Representative Council. M'1954 anakhala anai. Pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa m'1953, anthu akuda olembedwa m'kaundula wa Northern Rhodesia anali owerengeka pa zala, ngakhale kuti dziko lonse linali kucikana Citaganyaco. Nkumbula, amene anakhala mtsogoleri wa African National Congress m'1951, anatentha poyera ku Lusaka pepala la Boma lofotokoza za Citaganya. Koma cosowa cinali voti.

Cisankho ca 1959

Malamulo atsopano a Bwanamkubwa Sir Arthur Benson analola anthu otetezedwa kuvota, koma anagawa ovota pawiri. Ovota wamba anayenera kulandira mapaundi 720 pa caka, kapena zoceperapo ngati anaphunzira kwambiri. Ovota apadera anayenera kulandira mapaundi 150, kapena 120 ngati anatha zaka ziwiri ku sekondale. Mipando 12 inali ya zigawo za m'mbali mwa njanji, kumene mavoti a ovota apadera, ngakhale aculuke cotani, sanaloledwe kupitirira limodzi mwa magawo atatu a mavoti a ovota wamba. Mipando 6 inali ya zigawo za kumidzi, ndipo wofuna kuima kumeneko anayenera kuyamba wapeza cilolezo ca mafumu awiri mwa atatu ali onse a m'cigawoco. Mipando inai yotsala inasungidwa, iwiri ya anthu akuda ndi iwiri ya Azungu.

Apa ndipo Congress inagawikana. Nkumbula anati ndi bwino kulowa ndi kukamenyera m'kati. Kenneth Kaunda ndi Simon Kapwepwe, amenenso anali aphunzitsi, anati malamulowo ndi msampha, napatuka m'Okutobala 1958 kukayamba Zambia African National Congress, nauza anthu kuti asalembetse. Anthu akuda amene analembetsa anali pafupifupi 7,000 okha m'dziko la anthu oposa mamiliyoni awiri. Kutatsala sabata imodzi Boma linaletsa cipani ca Kaunda, nilimpititsa iye ku Kabompo. Pa 20 Marichi 1959 United Federal Party ya Sir Roy Welensky inatenga mipando 13, ndipo Nkumbula analowa m'Nyumba woimira cigawo ca South-Western. Wowerenga ziwerengero zokha akhoza kunena kuti dziko linavomereza Citaganya. Koma dziko silinafunsidwe.

Cisankho ca 1962

Ku Nyasaland, m'Ogasiti 1961, Malawi Congress Party inatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi, ndipo zinaonekeratu kuti Citaganya cagwedezeka. Ku Northern Rhodesia kukangana za malamulo atsopano kunatenga zaka ziwiri, ndipo m'1961 ku zigawo za Northern ndi Luapula kunabuka cipolowe cochedwa Cha-cha-cha, m'mene maulalo anaonongedwa ndi sukulu zina kutenthedwa. Potsiriza Boma la ku London linagawa mipando 45 patatu. Mipando 15 inali ya kaundula wapamwamba, wa anthu pafupifupi 37,000, ambiri a iwo Azungu. Mipando 15 inali ya kaundula wapansi, wa anthu pafupifupi 92,000, pafupifupi onse akuda. Mipando 15 yotsala inachedwa ya dziko lonse, ndipo pa mipando 14 mwa imeneyi makaundula onse awiri anavota pamodzi. Koma munthu sanathe kupambana ngati sanapeze limodzi mwa magawo khumi a mavoti a Azungu ndiponso limodzi mwa magawo khumi a mavoti a anthu akuda. Mpando wina umodzi unasungidwira Amwenye ndi Makaladi.

United National Independence Party, cipani catsopano ca Kaunda, cinayesetsa kukopa Azungu, koma ocepa okha anacivotera. Congress ndi United Federal Party anapangana kubwerekana mavoti pa mipando ya dziko lonse, kuti onse awiri akwanitse gawo lija lofunika. Anthu anavota pa 30 Okutobala, navotanso pa 10 Disembala pa mipando imene inatsala. Zotsatira zace zinali izi:

United Federal Party, mipando 16.
United National Independence Party, mipando 14.
African National Congress, mipando 7.
Mipando yopanda wopambana, 8.

Pa kaundula wapansi UNIP inatenga mipando 12 ndi Congress 3, pamene wapamwamba pafupifupi wonse unapita ku United Federal Party. Cotero cipani cimene cinalandira mavoti ambiri koposa m'dziko cinakhala caciwiri m'Nyumba, ndipo mipando isanu ndi itatu inakhala yopanda munthu cifukwa ca lamulo lovuta lija.

Palibe cipani cinatha kulamulira cokha, ndipo maso onse anayang'ana kwa Nkumbula. Akanapita kwa amene anabwerekana nao mavoti, mbali yofuna Citaganya ikanakhala ndi mipando 23. Akanapita kwa Kaunda, amene anapatukana naye mowawa zaka zinai zapitazo, anthu akuda akanalamulira ndi mipando 21. Pakati pa Disembala 1962 iye anasankha Kaunda. M'boma latsopanolo Kaunda anakhala Nduna ya Maboma Aang'ono, Kapwepwe Nduna ya Ulimi wa Anthu Akuda, ndipo Nkumbula, patapita zaka 28 cicokere pa benchi la pa Kafue, anakhala Nduna ya Maphunziro a Anthu Akuda. Nyumba yatsopanoyo inapempha kuturuka m'Citaganya, ndipo Citaganya cinatha pa 31 Disembala 1963.

Cisankho ca 1964

Pa 20 ndi 21 Januwale 1964 kunacitika cisankho coyamba cimene munthu wamkulu ali yense, mwamuna kapena mkazi, wophunzira kapena wosaphunzira, anali ndi voti. M'kaundula waukulu munalembedwa anthu pafupifupi 1,400,000, osankha mipando 65. Mipando 10 inasungidwira kaundula wa Azungu. UNIP inatenga mipando 55, ndipo pa mipando 24 mwa imeneyi panalibe wopikisana nayo. Congress inatenga 10. National Progress Party, dzina latsopano la otsala a United Federal Party, inatenga mipando yonse 10 yosungidwa. Kumene kunali mpikisano, anthu oposa 90 mwa 100 ali onse olembedwa anakavota. Akazi atatu anasankhidwa, mmodzi wa iwo Nakatindi Yeta Nganga wa ku Barotseland. Kaunda anakhala Nduna Yaikulu, ndipo pa 24 Okutobala 1964 dziko linalandira ufulu ndi dzina lakuti Zambia. Kucokera pa cisankho coyamba ca 1926 panapita zaka 38.

Cisankho cimeneci cinaonetsa cinthu cina cimene makaundula aang'ono aja anabisa. Mipando yambiri ya Congress inali kum'mwera kwa mtsinje wa Kafue, pakati pa Atonga ndi Aila, ndi ku madera oyandikana nao. Woyenda pa sitima kucokera ku Lusaka, akaoloka ulalo wa pa Kafue, anali kucoka m'dziko la cipani cimodzi ndi kulowa m'dziko la cinzace. Funso la khungu litacepa mphamvu, kunatsala funso la zigawo.

Za pambuyo pa ufulu

Pa 19 Disembala 1968 UNIP inatenga mipando 81 mwa 105, Congress 23, ndi woima payekha umodzi. Congress inakula cifukwa cigawo ca Barotse cinatembenukira kwa iyo, ndipo nduna zina za Boma zinagwa kumeneko. M'Disembala 1972 dziko linakhala la cipani cimodzi, ndipo m'Juni 1973, pa msonkhano wa ku Choma, Nkumbula anavomera kulowetsa anthu ace mu UNIP. Iye anamwalira m'1983. Masankho a 1973, 1978, 1983 ndi 1988 anali a anthu a cipani cimodzi kupikisana okhaokha, ndipo pa mpando wa Mtsogoleri wa dziko wovota anangonena kuti inde kapena iai. Aphungu ndi nduna zina anali kugwabe. Koma m'1973 ovota sanakwane ndi theka la olembedwa. Apa kaundula anali wa onse ndipo mavoti anali olingana, koma funso lacitatu lija, la ufulu wa wovota, linabweranso m'maonekedwe ena.

Zipani zambiri zitaloledwanso, pa 31 Okutobala 1991 Movement for Multi-Party Democracy ya Frederick Chiluba inatenga mipando 125 mwa 150. UNIP inatsala ndi 25, ndipo 19 mwa imeneyi inali mipando yonse ya cigawo ca Kum'mawa. Kaunda anapereka ulamuliro mwamtendere. Boma linasinthanso ndi mavoti m'2011 ndi m'2021.

Zothandiza m'kalasi

Phunziro ili siliyenera kudikira nthawi ya mbiri yokha. Pa masamu, ana agawe 37,000 ndi 15, nagawenso 92,000 ndi 15. Adzapeza kuti m'1962 mpando umodzi wa kaundula wapamwamba unaimira ovota pafupifupi 2,500, pamene wa kaundula wapansi unaimira oposa 6,000. Ndipo akadzipezera okha cotere, sadzaiwala msanga. Pa mapu, asonyeze Livingstone, Kafue, Kabompo ndi Choma, nanene cimene cinacitika pa malo ali onse. M'midzi ina mukali okalamba amene anaima pa mzere m'Januwale 1964. Ana akawafunse mwaulemu za ulendo wa tsikulo, nalembe zimene amva, pakuti mboni zimenezi zirikutha.

Posankha kapitao wa kalasi, n'kothandiza kuyesa njira zonse ziwiri: coyamba ana akweze manja pamaso pa mphunzitsi, pambuyo pace alembe maina pa timapepala ndi kuponya m'bokosi. Ngati zotsatira zisiyana, ana okha adzafotokoza cifukwa cace alimi a ku Wales anafuna lamulo la 1872.

Mphunzitsi wa m'mudzi ali ndi mphamvu imene nthawi zina saizindikira. Makolo amadza kwa iye kudzawerengetsa makalata, ndipo nyumba ya sukulu ndiyo kawirikawiri imakhala malo ovotera. Kusonyeza ana cipani coti acikonde si nchito yace, ndipo mphunzitsi wocita tero afanana ndi kapitao wa mwini munda uja. Nchito yace ndi kulera ana amene, akadzamva pa wailesi ziwerengero za mipando, adzayamba afunsa kuti analembedwa ndani, mavoti analemera motani, ndipo wovota anali womasuka kodi. Sukulu ya pa Kafue sinaphunzitse Nkumbula za cipani ciri conse m'1934. Inamphunzitsa kuwerenga, kulemba ndi kuima pamaso pa anthu, ndipo zimenezi zikali m'manja mwa mphunzitsi ali yense.